Lipoti la nkhani: ana atatu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, boma la Zomba

Fayilo ya nkhaniyi tinaitsegula mu Januwale 2024 ndipo mpaka lero sinatsekedwe. Ndikuilemba kuti aione anzanga oteteza ana m'midzi, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi mafumu, poti nkhani zamtunduwu zimatuluka chaka ndi chaka njala ikafika pachimake, ndipo kawirikawiri chala chimaloza amene watsala ndi anawo, pamene wowathawa akugona tulo take kwina. Maina a ana, achibale, mudzi ndi sukulu ndawachotsa, ndipo zina zimene zikanawaulula ndazisintha. Mudziwo uli m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo, kupitirira Jali, mbali yolowera ku Kachulu.

Uthenga umene tinalandira

Munthu wina amene sanatchule dzina anaimba pa 116, nambala yaulere ya Tithandizane imene a bungwe la YONECO amayendetsa konkuno ku Zomba. Anati pali gogo wina amene akusunga ana amasiye atatu koma sawapatsa chakudya, wamng'ono amamutsekera m'nyumba tsiku lonse, chiponde cha kuchipatala amadya yekha, ndipo mtsikana wamkulu akufuna kumukwatitsa. Uthengawo utafika ku ofesi yathu ya zachisamaliro cha anthu (Sosholo), ndinalumikizana ndi mlangizi woteteza ana wa m'deralo ndipo tinapita limodzi, titayamba tadzera kwa amfumu.

Zimene tinapeza pakhomo

Woimba foni uja sananame. Zonse zinayi zimene ananena zinali ndi choonadi chake. Chimene sananene ndi chifukwa chake.

Nyumba ya mayi wa anawo inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Banja lonse linasamukira m'kakhitchini ka anganga awo, kofolera ndi udzu ndi chilona chong'ambika. Mayiyo anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho atadwala nthawi yaitali. Mwambo wa maliro utatha, bambo wa anawo anasudzulidwa monga zimakhalira kwa chikamwini, nabwerera kwawo mbali ya kwa Kuntumanji, ndipo asanathe miyezi ingapo anakwatira. Amagula matemba ndi milamba pa Kachulu n'kukagulitsa mumsika wa Zomba ndi ku Limbe, komanso ali ndi njinga yamoto imene mnyamata wina amayendetsa kabaza. Atsibweni a anawo, amene ndiwo eni mbumba, ali ku Johannesburg ndipo amamveka mwa apo ndi apo. Kamunda ka mpunga ka malemu anakapinyolitsa pa nthawi ya maliro kuti agule bokosi ndi ufa wa anamfedwa.

Agogowo ndi a zaka za m'ma 70. Maso onse awiri anachita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu. Mtsikana wamkulu anali ndi zaka 16, anasiyira sukulu Sitandade 7 mu Okutobala 2023. Mnyamata wa zaka 11 dzina lake linali likadali m'kaundula wa Sitandade 4, koma masiku ambiri ankakhala kudooko, kuthandiza kuyanika ndi kulongedza nsomba, malipiro ake kakhale kambale ka matemba. Wamng'ono, wa zaka 3, tsitsi linali litafiira, mapazi otupa, ndipo tepi yoyezera mkono ya alangizi a zaumoyo inagwera pofiira, kunsi kwa masentimita 11.5.

Za kutsekera mwana, agogo sanakane. Iwo ndi mtsikana akapita kuganyu wozulira m'minda ya mpunga, ankamutsekera kuopa ngalande yodzaza madzi imene yadutsa pafupi ndi khomo. Za chiponde sanakanenso. Ankasungunula paketi imodzi m'phala la onse anayi. Nditawafotokozera kuti chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi, anandiyankha kuti, "Mwanangu, inu a Sosholo mumadziwa sukulu. Tandiuzeni, ndizimudyetsa mmodzi enawa akuyang'ana?" Ndinalemba mawuwo m'fayilo momwe anawanenera, chifukwa ndiwo anafotokoza chimene kuchipatala ankadabwa nacho, chakuti mwana akulandira chiponde sabata ndi sabata koma sikelo yake siikukwera.

Za ukwati zinali zoona pang'ono. Mwamuna wina wa geni ya nsomba anali atapereka foni ndi ndalama kwa mayi aang'ono a mtsikanayo. Agogo sanavomere, komanso sanakane. Ankati akatsinzina iwo mawa, mtsikanayu adzasowa mtengo wogwira, ndiye bola pakhale mwamuna woti azigula ufa.

Kodi tiwachotse?

Apa ndi pamene tinakhalitsa, ndipo ndi pamene ndikufuna anzanga awerenge mofatsa.

Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010, pa gawo 23, limatchula ana amene ayenera kuonedwa kuti akusowa chisamaliro ndi chitetezo. Mwa iwo muli mwana amene kholo kapena womulera sakumupatsa chakudya, zovala ndi pogona pokwanira, mwana amene womulera akulephera kumuyang'anira, ndi mwana wofunika chithandizo cha kuchipatala. Ana atatu onsewa ankalowa m'gululi popanda kukayika. Gawo 24 limapereka mphamvu kwa wapolisi, wa zachisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba wa m'mudzi, kuti atenge mwana wotere n'kumuika pamalo otetezeka, ndipo akatero mwanayo ayenera kuonetsedwa ku khoti la ana pasanathe maola 48. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu, ndipo opanga lamulo anachita bwino kuipereka mpaka kwa nyakwawa, poti ofesi zathu zili kutali ndi kumene ana amavutikira.

Pa zokambirana za nkhaniyi, mnzathu wa kupolisi, wa nthambi yothandiza ozunzidwa, anati tiwachotse onse atatu tsiku lomwelo. Sindinamuone wolakwa. Mwana wotsekeredwa m'kanyumba ka udzu, mkati muli mbaula ya moto, ndi nkhani yoopsa. Funso langa linali lakuti tikawachotsa tikawatula kuti. Malo a boma a ku Chilwa, konkuno ku Zomba, ndi osungirako ana amene apezeka olakwira lamulo, monganso a ku Mpemba ku Blantyre. Ana awa sanalakwire aliyense. Nyumba zosungira ana amasiye zambiri ndi za mipingo ndi mabungwe, ndipo kumene tinafunsa anali okonzeka kulandira wamng'ono yekha. Kunena kwina, tikanawagawa: wina uku, wina uko, mtsikana wa zaka 16 n'kutsala m'manja mwa mayi aang'ono omwe aja analandira foni, agogo osaona n'kutsala okha m'khitchini. Lamulo linatipatsa dzanja lotengera mwana, koma malo omuikapo ndi ochepa kwambiri, ndipo wogwira ntchitoyi amene sazindikira zimenezi amatha kuonjezera chilonda pofuna kuchiza.

Panalinso china. Kuchotsa ana kukanatanthauza kulengeza pamaso pa mudzi kuti agogo ndiwo olakwa. Koma kusasamala mwana ndi kukhala nazo n'kumumana, kapena kukhala ndi mphamvu zomufunira n'kusafuna. Agogo ankagawa zonse zimene anali nazo. Wokhala nazo anali kwina.

Tinagwirizana zoti ana akhale pamodzi pakhomo pa agogo awo, koma ngozi ziwiri zichotsedwe msanga. Yoyamba inali thanzi la wamng'ono. Popeza anali atayamba kutsegula m'mimba ndi kukana chakudya, kuchipatala chaching'ono anamutumiza ku Zomba Central, ku wodi ya ana onyentchera, kumene anayamba ndi mkaka wapadera wa ana onyentchera wotchedwa F-75 asanabwerere pa chiponde. Agogo anavomereza okha, choncho sitinagwiritse gawo 24 ndipo nkhani ya maola 48 sinabuke. Vuto linali womudikirira. Agogo sakanatha, ndipo mtsikana akanachoka pakhomo pakanasowa wophika. Mayi wina wa m'gulu la amayi a pasukulu anadzipereka, anzake n'kumamulimira kumunda kwake. Mwanayo anayezedwanso magazi agogo atalola, poganizira matenda a mayi ake. Zotsatira zili m'kabuku kake ka kuchipatala ndipo m'lipoti lino sizilowa. Ngozi yachiwiri inali kutsekeredwa. Atatuluka m'chipatala tinamulembetsa ku sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi woyandikana nawo, ndipo mayi wina wapafupi amamutenga pamodzi ndi ana ake.

Za ukwati zinatha mosavuta kuposa mmene ndinkaganizira. Wapolisi wamkazi anacheza ndi mtsikanayo payekha, ndipo ananena kuti mwamunayo sanamukhudze ndipo iye sankamufuna. Pabwalo la amfumu tinawerenga gawo 81 la lamulo la 2010, loletsa kukakamiza mwana kukwatiwa kapena kumutomeretsa, limene chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende, komanso lamulo la maukwati la 2015 limene linaika zaka 18. Mayi aang'ono anabweza foni ndi ndalama anthu akuona, ndipo mwamunayo anakachenjezedwa kupolisi.

Bambo wa ana

Tinayamba ndi njira ya kumudzi. Amfumu anaitanitsa bamboyo pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse. Anabwera pa njinga yamoto, atavala bwino, ndipo analankhula modekha ngati munthu amene sakuona mlandu. "Amfumu, ine kuno ndinali mkamwini. Munandisudzula nokha, ankhoswe awa ndi mboni. Ana ndi a mbumba ino. Ngati akuvutika, afunseni atsibweni awo." Anthu ambiri pabwalopo anagwedeza mitu movomereza, ndipo amfumu enieniwo anati mawuwo ali ndi mutu.

Ine sindili m'gulu la amene amanyoza chikamwini. M'midzi yambiri ya Zomba, kwa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, mwambowu ndiwo wateteza amayi ndi ana kuti asalandidwe minda mwamuna akamwalira kapena banja likatha. Ana atatuwa ali ndi pokhala lero chifukwa malo ndi a kuchikazi. Koma mwambowo unkayenda mwinimbumba ali pamudzi pomwepo, nkhokwe yake ikuoneka, akudziwa mwana wa mlongo wake amene wagona ndi njala. Lero eni mbumba ambiri a kuno ali ku Joni, ku Mozambique kapena m'tauni, akulimbana ndi lendi ndi ana awoawo. Bambo akati funsani atsibweni, atsibweni akati bambo ake alipo, mwana amagwera pakati. Ndipo ndaona kuti abambo amakumbukira bwino mbali ya mwambo imene ikuwamasula. Mtsikana yemweyu akanakwatiwa ndi munthu wachuma, kapena akanadzalembedwa ntchito ya unamwino, bamboyu sakanati ndi wa mbumba.

Lamulo pa nkhaniyi silizungulira. Gawo 23 la Malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ayenera kulandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa makolo awo, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane kapena analekana. Gawo 3 la lamulo la 2010 limaika udindo womwewo pa kholo. Kusudzula kumathetsa ukwati ndi ukamwini, koma ubambo sikuukhudza. Titamufotokozera zimenezi analonjeza thumba la chimanga mwezi uliwonse. Anabweretsa ndowa ziwiri kamodzi, kenako zii, foni osayankha.

Kukhoti

Anthu ambiri amaganiza kuti wokasuma za chithandizo cha mwana ndi mayi yekha. Lamulo la 2010 limalola mwana mwini wake, womulera, wachibale, wa zachisamaliro cha anthu, wapolisi, mphunzitsi ngakhale wa zaumoyo kukapempha khoti la ana kuti lilamule kholo kupereka chithandizo. Agogo sakanatha kuyenda ulendo wa ku Zomba mobwerezabwereza, choncho pempho ndinakapereka ndine, pamodzi ndi lipoti la mmene pakhomo palili.

Atalandira chisamani, bamboyo anabwera ndi mfundo ziwiri zatsopano. Yoyamba inali yakuti mtsikanayo ndi wamkulu. Wina anali atamuuza kuti lamulo la 2010 limati mwana ndi wosakwana zaka 16, ndipo n'zoona kuti linalembedwa choncho. Koma mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha Malamulo aakulu n'kuika zaka 18, ndipo palibe lamulo limene limaposa amenewo. Chimene chinativuta ndi umboni wa zaka zake. Kalata ya kubadwa analibe, ndipo khadi lake la kusikelo linapita ndi madzi a Freddy. Tinapulumukira kaundula wa kusukulu ndi buku la ubatizo la kumpingo, zimene zinagwirizana pa chaka cha 2007.

Yachiwiri inali yakuti wamng'onoyo si wake, poti malemu anatenga pakati iye ali kunyanja. Mawuwa anawapweteka agogo kuposa china chilichonse pa mlandu wonsewu. Lamulo limalola khoti kuona zinthu monga dzina lolembedwa m'kaundula wa kubadwa, mwambo umene bamboyo anachitira mwana, kuvomereza kwake pagulu, ndiponso kukana kwake kukayezedwa. Nkhoswe ya kwawo komwe inachitira umboni kuti dzina la mwanayo anapereka ndi iye, ndipo ndi la malemu bambo ake. Atafunsidwa ngati ali wokonzeka kukayezedwa, anaisiya nkhaniyo.

Kenako anapempha kuti m'malo mopereka ndalama atenge mnyamata yekha azikakhala naye. Amajisitireti anacheza ndi anawo m'chipinda, anthu ena atatuluka. Mnyamata anati sakufuna kusiyana ndi achemwali ake. Lipoti langa linanenanso kuti wofunidwa ndi mwana yekhayo amene angathe kunyamula mabasiketi a nsomba. Khoti linasiya ana onse m'manja mwa agogo, ofesi yathu iziwayendera, ndipo linalamula bamboyo kupereka K30,000 pamwezi ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa teremu iliyonse.

Ndalamayo ndi yochepa, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma kupeza phindu lenileni la geni ya nsomba n'kovuta. Kwa munthu wa pa ntchito yolembedwa khoti likhoza kulamula kuti ndalama zizidulidwa kumalipiro. Wa geni alibe pomudulira. Njira yolandirira tinaipeza motere: popeza chiphaso cha unzika munthu amatenga akafika zaka 16, mtsikanayo tinamulembetsa, ndipo atapeza nambala ya foni m'dzina lake ndalama zimabwera pafoni, uthenga uliwonse n'kukhala umboni wa zimene zaperekedwa ndi zimene sizinaperekedwe. Kafoni kake anagula ndi atsibweni aja, mlangizi wathu atawapeza pa WhatsApp.

Mbali ya boma

Gawo 23 lomwe lija la Malamulo aakulu limapitiriza kunena kuti ana amasiye, olumala ndi ena ovutika ayenera kukhala motetezeka, ndipo pamene kuli koyenera alandire thandizo la boma. Thandizo limene aliyense m'mudzimo ankatchula ndi Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse 28. Imafikira mabanja 10 mwa 100 alionse, ovutikitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo pamakhala kandalama kowonjezera pa mwana aliyense amene ali pasukulu. Khomo la gogo wosaona ndi ana atatu ndi lomwelo ndondomekoyi inapangidwira. Koma pamene kalembera ankachitika m'deralo mayi anali moyo ndi wamphamvu, bambo ali pakhomo akuchita geni, choncho banjalo silinalowe, ndipo moyenera. Mndandanda umadikira kalembera wina, pamene umphawi wa banja ngati ili unabwera m'miyezi isanu. Tinalemba kalata kuti mbiri ya banjali isinthidwe m'kaundula wa boma wa mabanja ofunika thandizo (UBR), ndipo dzina lili pa oyembekezera.

Chimene chinafika ndi chimanga cha njala. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, atalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 agwa m'ngozi kaamba ka ng'amba ya El Niño, komiti ya m'mudzi inaika khomoli pa mndandanda wa olandira, amfumu ataikirapo mawu.

Sukulu ya pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994 ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati ndi yokakamiza, koma makope, yunifolomu, sopo ndi ndalama ya chitukuko cha pasukulu sizinali zaulere. Aphunzitsi aakulu anawachotsera anawa ndalama ya chitukuko, ndipo gulu la amayi linasokera mtsikana yunifolomu ndi nsalu zogwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Za munda anaweruza ndi amfumu, poti ndi malo a makolo: wopinyolitsidwayo akolole kamodzi kenanso, kenako munda ubwerere kwa ana.

Chinthu chimodzi sichinali m'ndondomeko yathu poyamba. Mlangizi wa zaumoyo ndiye anafunsa chifukwa chake agogo sanaonedwe maso. Anapita nawo ku chipatala cha maso ku Zomba Central, kumene anachita opaleshoni diso limodzi. M'kuona kwanga, pa zonse zimene tinachita, ichi ndicho chinasintha kwambiri moyo wa anawo. Agogo anayambanso kuphika, kutunga madzi pafupi ndi kuona kumene wamng'ono walowera, ndipo n'chifukwa chake mtsikana anatha kubwerera m'kalasi. Ndikupempha anzanga kuti pa fomu yoyendera pakhomo, funso la thanzi la wolera ana lisamangodumphidwa.

Pamene nkhani ili tsopano

Wamng'ono anatuluka pa ndondomeko ya chiponde ndipo sikelo yake ili bwino. Mnyamata amapita kusukulu, koma nsomba zikachuluka amathawirabe kudooko, ndipo sindikuganiza kuti asiya pamene kambale ka matemba kaja ndiko ndiwo za pakhomo. Bambo anapereka bwino miyezi itatu yoyamba, kenako anayamba kudumphitsa, ponena kuti m'miyezi yamvula makoka akaletsedwa geni imaima. Mauthenga a pafoni tawasonkhanitsa ndipo tikubwerera nawo kukhoti kuti akalamulidwe kulipira zotsalira.

Zinthu ziwiri sizinapeze yankho. Mtsikana anabwereza Sitandade 7 kuyambira Sepitembala 2024, ndiye kuti akwanitsa zaka 18 asanalembe mayeso a Sitandade 8. Pa pempho lomwelo la zotsalira tikukapempha khoti kuti chithandizo chake chisaime akadali pasukulu. Chachiwiri ndi cha amene adzatenge anawa agogo akadzafooka. Mayi aang'ono sitingawaike pamenepo. Atsibweni anayankha kuti abwera akakonza mapepala awo, osatchula mwezi. Amfumu avomera kuitanitsa mbumba yonse akakolola mpunga kuti asankhe wolera wachiwiri, ndipo dzina limene lidzatulukepo tidzalitengera kukhoti kuti lilembedwe.